Nyama ndi zomera "zatsopano" za ku Asia: mafunso ndi mayankho

Sipatha mwezi osamva kuti ku Vietnam, ku Borneo kapena ku India kwapezeka chule, nalimata kapena duwa lomwe asayansi sankalidziwa. Nkhani zotere zimabwera ndi chithunzi chokongola ndi dzina lovuta kutchula, basi zathera pomwepo. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza zomwe zimachitika chithunzicho chisanatuluke, ndi zomwe zimatsatira chikatuluka.

Akati mtundu watsopano, ndiye kuti nyamayo yangoyamba kumene kukhalako?

Ayi. Nyamayo yakhala ili m'nkhalangomo zaka zikwizikwi. Chatsopano n'chakuti sinalembedwepo m'mabuku a sayansi ndi kupatsidwa dzina lomwe dziko lonse lingagwiritse ntchito. Nthawi zambiri eni dera amakhala akuidziwa kalekale, ali ndi dzina lake, ena amaidya kumene.

Mu May 1992, ofufuza a unduna wa zankhalango wa Vietnam pamodzi ndi a bungwe loteteza zachilengedwe la WWF anali m'nkhalango ya Vu Quang, kufupi ndi malire a Laos. M'nyumba ya mlenje wina anaona chigaza chokhala ndi nyanga ziwiri zazitali, zosongoka, zoloza kumbuyo moyandikana. Sichinali cha mbuzi ya m'phiri, sichinali cha ng'ombe yakutchire, ndipo m'mabuku onse omwe ankawadziwa munalibe chofanana nacho. Kwa mlenjeyo chinali chigaza chabe cha nyama yomwe anthu a kumeneko ankaikola. Chaka chotsatira magazini ya Nature inalengeza za saola, Pseudoryx nghetinhensis, nyama yolemera makilogalamu 80 mpaka 100. Chinyama chonsecho, sayansi osachidziwa mpaka 1992! Ndipo mpaka lero palibe katswiri yemwe anaionapo ndi maso ake ili kutchire. Chithunzi chomaliza chinajambulidwa mu 2013 ndi kamera yotchera pamtengo.

Ku Kachin, kumpoto kwa Myanmar, alenje ndi amene anauza ofufuza za pusi wa mphuno yopenya kumwamba. Ankati savuta kumupeza nthawi ya mvula chifukwa madzi akamulowa m'mphuno amayetsemula, ndipo amakhala ataweramitsa mutu pakati pa mawondo. Mu 2010 analembedwa kuti Rhinopithecus strykeri.

Ndiye kuti sizipezeka m'katikati mwa nkhalango zosafikako munthu?

Zina zimapezekadi kumeneko, koma malo atatu awa amadabwitsa anthu: msika, kabati ya myuziyamu, ndi katundu wolandidwa pachipata.

Mu 1996 Robert Timmins anaona pamsika wa ku Thakhek, m'dziko la Laos, tinyama tonga khoswe koma ta mchira wamanyenje ngati wa gologolo, titayalidwa pambali pa ndiwo zamasamba. Ogulitsa ankatitchula kuti kha-nyou. Panatha zaka zisanu ndi zinayi kuti kanyamako kalembedwe, mu 2005, ndi dzina lakuti Laonastes aenigmamus. Kalulu wamizeremizere wa m'mapiri a Annamite naye anayamba kuonedwa pamsika ku Laos komweko.

Za m'kabati n'zambiri koposa. Pusi wa ku phiri la Popa ku Myanmar analembedwa mu 2020, koma chikopa ndi chigaza chomwe anayezerapo chinatoledwa mu 1913 ndipo chinali chitakhala ku Natural History Museum ya ku London zaka zoposa 100, chili ndi dzina la pusi wina. Pofika nthawi yomwe ankamupatsa dzina lakelake, Trachypithecus popa, kutchire kunali kutatsala apusi pakati pa 200 ndi 250 okha. Kafukufuku wina wa mu 2012 anapeza kuti chamoyo chimatha kukhala pashelefu zaka pafupifupi 21 kuchokera tsiku lomwe anachitola kufika tsiku lomwe achilemba. Vuto si kusowa kwa zinthu zatsopano ayi. Ndi kuchepa kwa anthu odziwa kuzisiyanitsa.

Njira yachitatu ndi yomvetsa chisoni. Mu 2023 ofufuza a ku China anayeza DNA ya mamba a ngaka omwe anagwidwa ku Hong Kong ndi ku Yunnan, napeza kuti ena sakugwirizana ndi mitundu isanu ndi itatu ya ngaka yomwe inkadziwika. Ngaka imeneyo inadziwika ndi mamba ake okha, ali m'matumba a ozembetsa.

N'chifukwa chiyani nkhani zambiri zikuchokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia?

Malipoti a WWF akuonetsa kuti chiyambire 1997, m'mayiko a m'mbali mwa mtsinje wa Mekong mwalembedwa mitundu yoposa 3,000. M'zaka ziwiri zokha, 2021 ndi 2022, inalipo 380. Zifukwa zake n'zingapo ndipo sizilemera mofanana.

Chifukwa chimodzi ndi mbiri. Nkhondo za ku Vietnam, Laos ndi Cambodia, komanso ulamuliro wa asilikali ku Myanmar, zinatseka madera aakulu kwa zaka zambiri. Atatseguka, ofufuza analowa m'nkhalango zomwe palibe anazilembapo.

Koma chachikulu ndi mmene dzikolo linakhalira. Kuli mapiri ambirimbiri a miyala ya laimu, lililonse litaima palokha pakati pa minda ya mpunga, lodzaza ndi mapanga ndi ming'alu. Nalimata kapena nkhono yomwe inazolowera mwala umenewo siingathe kudutsa chigwa kupita kuphiri lina. Pakapita zaka mamiliyoni, phiri lililonse limakhala ndi mtundu wakewake. N'chifukwa chake gulu limodzi la analimata, lotchedwa Cyrtodactylus, lili ndi mitundu yoposa 300, yambiri mwa iyo yolembedwa chidutsireni chaka cha 2000. Ku Guangxi ku China, m'dothi la patsinde pa mwala wotere, munapezeka nkhono ya Angustopila dominikae yomwe chigoba chake sichikwana ngakhale milimita imodzi.

Onjezerani zilumba. Indonesia yokha ili ndi zilumba zoposa 17,000, Philippines zoposa 7,000. Alfred Russel Wallace, yemwe anayenda kumeneko pakati pa 1854 ndi 1862, anaona kuti mbalame za pa Bali ndi za pa Lombok n'zosiyana kwambiri ngakhale kuti pakati pa zilumbazi pali madzi a makilomita 35 okha. Madziwo ndi akuya, ndipo sanaumepo ngakhale pa nthawi zomwe nyanja inkatsika.

Miyala ya laimu ija ndi imenenso amapangira simenti. Phiri la Bukit Panching ku Malaysia linagumulidwa lonse, ndipo nkhono ya Plectostoma sciaphilum, yomwe inkapezeka pokhapo, inatha nalo limodzi.

Munthu akapeza chinthu chomwe akuganiza kuti n'chachilendo, amatani kuti chivomerezedwe?

Apa ndi pomwe pali thukuta, ndipo lambiri limagwera patebulo osati m'nkhalango.

Tinene kuti ndi nalimata. Amamumanga kapepala ka nambala kumwendo, amadula kanyama pang'ono n'kukaika mu spiriti kuti adzayeze DNA, thupi lonse n'kulisunga m'botolo. Kenako amamuika pansi pa maikulosikopu n'kuyamba kuwerenga: mamba angati m'mbali mwa mlomo, mizere ingati ya tinthudza pamsana, timapale tingati kunsi kwa chala chachinayi cha mwendo wakumbuyo. Manambalawo amawayerekeza ndi a mtundu uliwonse wapachibale womwe unalembedwapo, ndipo izi nthawi zina zimafuna kubwereka mabotolo ku London, Paris kapena Leiden. Akakhala chule, amajambulanso kulira kwake, chifukwa achule awiri ofanana thupi amatha kulira mosiyana, ndipo wamkazi amangopita kwa wolira mwakwawo.

Chikakhala chomera, amadula nthambi yokhala ndi masamba, maluwa ndi zipatso, amaipana pakati pa manyuzipepala ndi matabwa, amaiyanika, n'kuimata papepala lolimba. Pakona amalemba tsiku, malo, dzina la wotola ndi nambala yake, komanso zinthu zomwe zimatayika chomera chikauma, monga mtundu wa duwa ndi fungo lake. Mtengo wopanda maluwa ndi wovuta kuulemba, ndiye pena munthu amadikira zaka kuti uchite maluwa.

Pa zonse zomwe watola amasankhapo chimodzi, chomwe akatswiri amachitcha holotype. Dzina limamangiriridwa pa chimenecho mpaka kalekale, ndipo chimayenera kusungidwa pamalo pomwe wina aliyense wokayika angapite kukachiona. Pomaliza amalemba zomwe zikusiyanitsa mtunduwo ndi ina yonse, akatswiri anzake amaunika, ndipo zimasindikizidwa m'magazini monga Zootaxa, ZooKeys, Phytotaxa kapena Raffles Bulletin of Zoology ya ku Singapore. Palibe ofesi yomwe imadinda chidindo kuti mtunduwu ndi weniweni. Malamulo amangoona ngati dzina laperekedwa moyenera. Zoti ndi mtundu paokha kapena ayi, akatswiri amatha kukangana zaka.

Kodi mpaka aiphe nyamayo?

Kawirikawiri inde, ndipo ambiri zimawawawa akamva. Chifukwa chake n'chakuti chithunzi sichionetsa mano, mafupa kapena za m'mimba, ndipo munthu wa zaka 100 zikubwerazo, wokhala ndi zida zomwe ife tilibe, adzafuna chogwirika. Pusi wa Popa uja sakanadziwika chipanda chikopa cha 1913.

Koma si lamulo losapindika. Ramana Athreya, yemwe ntchito yake yeniyeni ndi yofufuza zakuthambo, anaona kambalame kachilendo mu 1995 ku Eaglenest, m'chigawo cha Arunachal Pradesh ku India. Panatha zaka khumi asanakaonenso. Atakagwira mu 2006 anaona kuti timbalameto tinali tochepa kwambiri moti kuphako kamodzi kukanakhala kuwononga. Anakayeza, anakajambula, anajambula kuimba kwake, anatenga nthenga zingapo, n'kukamasula. Dzina lakuti Liocichla bugunorum linaima ndithu. Kwa ine njira imeneyi ndi yoyenera pa nyama zosowa chonchi, koma ikafala pa tizilombo ndi achule, zomwe kusiyana kwake kumabisala m'kati, tidzadzaza mabuku ndi mayina omwe palibe angawatsimikize.

Mayina achilatiniwa amawasankha bwanji?

Dzina limakhala la mawu awiri, mwambo womwe anakhazikitsa Carl Linnaeus wa ku Sweden: wa zomera umawerengedwa kuyambira 1753, wa nyama kuyambira 1758. Liwu loyamba lili ngati mfunda, loti abale onse amagawana, monga a Phiri kapena a Banda. Lachiwiri ndi la mwini yekha. Anyani aakulu a ku Borneo, a kumpoto kwa Sumatra ndi a ku Tapanuli, dera lina la pa Sumatra pomwepo, onse ndi a Pongo, koma wina ndi pygmaeus, wina abelii, wina tapanuliensis.

Liwu lachiwirilo wolemba amasankha yekha. Likhoza kunena za malo, za maonekedwe, kapena kulemekeza munthu. Kudzitcha wekha kumaonedwa ngati mwano. Kambalame ka Athreya kanatengera dzina la anthu a mtundu wa Bugun, eni nkhalangoyo. Chomera chodya tizilombo cha pa phiri la Victoria pa chilumba cha Palawan ku Philippines, chomwe chinalembedwa mu 2009, ndi Nepenthes attenboroughii, polemekeza David Attenborough, wotchuka ndi mafilimu a zachilengedwe. Ena amatchula amene analipira ulendo. Ena amaponya mwala: mu 2014 kankhono ka pa phiri la Kanthan ku Malaysia kanatchedwa Charopa lafargei, dzina la kampani ya simenti yomwe inkakumba phirilo, kuti aliyense adziwe m'manja mwa yemwe muli moyo wa kankhonoko. Kutenga dzina la eni dera kukufalanso, monga mmene chambo china cha m'nyanja ya Malawi chimatchedwera Oreochromis lidole.

Anthu awiri akalemba chinthu chimodzi mosadziwana, dzina lomwe linasindikizidwa poyamba ndi lomwe limaima. Ndipo malamulo a nyama ndi a zomera ndi osiyana. Njoka ya ku India ikhoza kukhala Naja naja, koma chomera sichiloledwa kubwereza liwu chonchi. Kale wolemba chomera ankayenera kufotokoza m'Chilatini, koma kuyambira pa 1 January 2012 Chingerezi chikuloledwanso.

DNA sinathetse mikangano yonse?

Yathetsa ina, yadzutsa ina. Chomwe yachita kwambiri ndi kuonetsa kuti zomwe tinkati ndi mtundu umodzi nthawi zambiri ndi ingapo. Mu 2006 kambuku wa mawanga onga mitambo anagawidwa pawiri, wa kumtunda ndi wa pa Borneo ndi Sumatra. Njoka yaululu yaitali kuposa zonse, king cobra, yomwe kuyambira 1836 inkawerengedwa ngati mtundu umodzi kuchokera ku India mpaka ku Philippines, inagawidwa panayi mu 2024. Ya kumapiri a Western Ghats tsopano ndi Ophiophagus kaalinga, ya ku Luzon ndi Ophiophagus salvatana.

Nyani wa ku Tapanuli analengezedwa mu November 2017. Umboni unali DNA, kaitanidwe ka amphongo, ubweya wopotana, ndi chigaza chimodzi cha nyani wamphongo yemwe anafa mu 2013 atavulazidwa ndi anthu. Panali akatswiri omwe anati chigaza chimodzi n'chochepa. Ndipo ali ndi mfundo, chifukwa makina angakuuzeni kuti magulu awiri akusiyana mwakuti, koma sangakuuzeni kuti kusiyana kofika pati ndiye kwakwana kutcha mtundu. Mzerewo amalemba ndi munthu. N'chifukwa chake ntchito yodalirika imaphatikiza DNA, thupi, kulira kapena khalidwe, ndi malo. Zonse zikaloza kumodzi, mkangano umachepa.

Nanga kuika m'magulu n'kosiyana ndi kupereka dzina?

N'kosiyana, ndipo pena ndiye kumakhala kosangalatsa koposa. Dzina limati chinthuchi ndi ichi. Kuika m'gulu kumati abale ake ndi awa.

Kha-nyou wa pamsika uja atalembedwa, olemba anaona kuti safanana ndi khoswe aliyense wamoyo, ndiye anamupangira banja lakelake. Patangotha chaka, mu 2006, Mary Dawson ndi anzake, omwe ankadziwa mafupa akale okumbidwa pansi, anayang'ana mano ndi nsagwada zake nazindikira kuti ndi wa banja la Diatomyidae, lomwe aliyense ankati linatha zaka 11 miliyoni zapitazo. Banja latsopano lija linafafanizidwa, kanyamako n'kubwerera kwa makolo ake.

Chule wofiirira wa ku Kerala ku India, wathupi lofufuma ndi kamphuno kosongoka, amakhala pansi panthaka chaka chonse, n'kutuluka masiku ochepa mvula ikayamba kuti akaswane. S. D. Biju ndi Franky Bossuyt anamulemba mu 2003, dzina lake Nasikabatrachus sahyadrensis. Abale apafupi a banja lake sali ku Asia konse, ali pa zilumba za Seychelles. Umenewu ndi umboni wamoyo woti India ndi Seychelles zinali nthaka imodzi zisanang'ambikane.

Zomera sizimveka kwambiri. Nazonso zikupezeka?

Zikupezeka, pafupifupi 2,000 pachaka padziko lonse, ndipo Asia imapereka gawo lalikulu. Kungoti duwa silikopa atolankhani ngati nyani.

Nkhani ya Pinanga subterranea ndi yofunika kuidziwa. Ndi kakanjedza ka ku Borneo komwe kamachita maluwa ndi kubereka zipatso pansi panthaka. Pamwamba mumangoona masamba ochepa, ngati mbande ya kanjedza wina, ndipo n'chifukwa chake akatswiri ankangokadutsa. Paul Chai wa ku Sarawak anakaona mu 1997 atapalasa zinyalala patsinde pake. Agusti Randi wa ku Indonesia anakapezanso kumbali ya Kalimantan, ndipo iye, Chai ndi akatswiri a ku munda wa zomera wa Kew ku London anakalemba mu 2023. Anthu a ku Borneo ankafukula zipatso zake zofiira n'kumadya, ali ndi mayina ake m'zilankhulo zingapo, ndipo nguluwe za kumeneko zimazifukulanso.

Ku China kuli mtengo wa Metasequoia, womwe katswiri wa ku Japan, Shigeru Miki, anaulemba mu 1941 kuchokera ku masamba osanduka mwala, poganiza kuti unatha kalekale. M'zaka zomwezo mitengo yamoyo inapezeka m'midzi ya kumalire a Sichuan ndi Hubei, ndipo Hu Xiansu ndi Zheng Wanjun anailemba mu 1948. Lero imadzalidwa m'mapaki a mayiko ambiri.

Kupereka dzina kumateteza chamoyocho?

Popanda dzina n'kovuta kuti lamulo lichitchule. N'kovuta kuti chilowe pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zomwe zili pangozi, kapena kuti chitchulidwe pachokha m'pangano la CITES, loletsa kapena kuchepetsa malonda a zamoyo zotere. Nyani wa ku Tapanuli atangodziwika kuti ndi mtundu paokha, wa anyani osakwana 800, damu la magetsi lomwe linkamangidwa pa mtsinje wa Batang Toru linasanduka nkhani ya dziko lonse. Anthu a Bugun nawo anapatula gawo la nkhalango yawo kuti litetezedwe.

Koma dzina lomwelo ndi chikwangwani cha malonda. Mu 2002 Bryan Stuart analemba kanyama ka m'mitsinje ya kumpoto kwa Laos, kooneka ngati buluzi koma kachibale wa chule, kamizere yachikasu pamsana. Analemba ndi malo omwe, monga mwa mwambo. Ogulitsa ziweto zachilendo ochokera kunja anawerenga, natsata malowo, n'kuyamba kulipira anthu a m'midzi kuti azikagwira. Zomwezo zinaonekera fulu wa khosi lalitali wa pa chilumba cha Roti ku Indonesia atalembedwa mu 1994. Duwa la Paphiopedilum canhii la ku Vietnam linalembedwa mu 2010, ndipo patangotha miyezi yochepa linali litazulidwa pafupifupi lonse.

Ndiye ena anayamba kubisa malo. Mu 2015 olemba analimata awiri a m'mapanga a ku Guangxi anakana dala kusindikiza pomwe anawapeza. Zimenezi zimaphwanya mwambo wakale wa sayansi woti wina athe kupita kukadzionera yekha, koma sindikuona kuti akanachita bwanji mwina.

Amagwira ntchitoyi ndani, ndipo zomwe atola zimakhala za yani?

M'nthawi ya atsamunda zinkatengedwa kupita ku Ulaya, ndipo zambiri zikadali komweko. Katswiri wa ku Jakarta kapena Yangon wofuna kuona holotype ya chomera cha kwawo amafunika viza ndi tikiti ya ndege, pokhapokha ngati chinajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti, zomwe zikuchitika pang'onopang'ono.

Masiku ano olemba ambiri ndi eni dziko. India ili ndi Botanical Survey kuyambira 1890 ndi Zoological Survey kuyambira 1916. China ili ndi malo aakulu ofufuzira ku Kunming ndi ku Xishuangbanna, ndipo mabuku a Flora of China, omwe anamalizidwa mu 2013, ali ndi zomera zoposa 31,000. Pangano la Nagoya, lomwe linagwirizanidwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2014, limati wotenga zamoyo m'dziko la eni apemphe chilolezo ndipo phindu agawane. Cholinga n'chabwino. Koma akatswiri ambiri, kuphatikizapo a ku India komweko, amadandaula kuti mapepala achuluka moti ngakhale kubwerekana botolo la chule pakati pa mayiko awiri oyandikana kumatenga nthawi yaitali.

Chomwe chikutsalirabe ndi alenje, asodzi ndi olondolera njira. Iwo ndiye amaloza, koma kawirikawiri dzina lawo limathera m'ndime yothokoza, ngati lilipo n'komwe.

Kupatula kukhutiritsa chidwi, phindu lake n'chiyani?

Taganizani za udzudzu. Womwe unkatchedwa Anopheles dirus m'nkhalango za Thailand ndi Cambodia unapezeka kuti ndi mitundu ingapo yofanana ndendende m'maso, koma ina imafalitsa malungo kwambiri, ina ayi, ndipo imaluma nthawi zosiyana. Wosasiyanitsa amawononga mankhwala pa udzudzu wolakwika. Kuno kwathu ndi chimodzimodzi ndi Anopheles gambiae ndi arabiensis. Ululu wa njoka nawonso umasiyana mtundu ndi mtundu, ndiye opanga mankhwala a olumidwa amafunika kudziwa kuti njoka ya dera lakuti ndi iti kwenikweni.

Munthu wamba angapezeko mtundu watsopano?

Angathe, koma kulemba kwake kumafunabe katswiri. Mu 2011 Hock Ping Guek, wokonda kujambula tizilombo, anajambula kachilombo kobiriwira ka mapiko oonekera m'nkhalango ina pafupi ndi Kuala Lumpur, naika zithunzizo pa tsamba la pa intaneti la Flickr. Shaun Winterton, katswiri wa ku California, anaona madontho akuda pamapikopo nazindikira kuti sanawaonepo. Vuto linali lakuti kachilomboko kanali katauluka. Patatha pafupifupi chaka Guek anagwira kena pamalo omwewo n'kukatumiza, ndipo atafufuza ku myuziyamu ya ku London anapezanso kena ka mtundu womwewo, kochokera ku Sabah, kali m'kabati kopanda dzina. Kanalembedwa mu 2012 kuti Semachrysa jade, ndipo Guek ali pa mndandanda wa olemba.

Ngati mukujambula zotere, jambulani kumsana, kumimba ndi m'mbali, ikani ndalama yachitsulo kapena rula pambali kuti kukula kuoneke, ndipo lembani tsiku ndi malo. Tsamba la iNaturalist limalandira zithunzi zotere kwaulere, ndipo pa zamoyo zomwe zili pangozi limabisa lokha malo enieni.